Ndinakana Kusainira Mkamwini Wanga

Katete, chaka changa choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kokwanira, ndipo ndikudziwa kuti mumaseka chifukwa ndikazifotokoza mtunda wa kusukulu umatalikirako chaka ndi chaka. Ndizisiya. Ndiyambira pamene ndinalowa ntchito ku bungwe la alimi a thonje ndi nshawa, umene ena amati mtedza, ku Katete, ndili mtsikana woonda, satifiketi ya kutaipa m'manja, nsapato zobwereka kumapazi. Ntchito yanga inali yolemba zidziwitso za alimi: tsiku logula thonje, malo olandirira mbewu, kasakanizidwe ka mankhwala opopera. Ndinkataipa pa sitensulo kenaka n'kupukusa makina mpaka phewa kuwawa, inki ili m'manja ndi pa bulauzi. Abwana anga oyamba anali a Njobvu, munthu wamfupi amene ankayenda ngati wachedwa kumaliro. Iwowa sankawerengera chidziwitso pa desiki. Ankatuluka nacho pakhonde, n'kuimitsa aliyense wodutsa, kaya wogulitsa makala kaya mayi wopita kuchigayo, n'kumuwerengera mokweza. Akamaliza ankamufunsa kuti, "Tsono inu mukachoka pano mukachita chiyani?" Munthuyo akayankha zosiyana ndi zimene tinkafuna, a Njobvu sankalimbana naye. Ankatembenukira kwa ine. "Nabanda, kalembeninso. Pepala lilibe pakamwa poti likafika kumudzi lidzifotokoze lokha." Ndinkawada madzulo alionse, koma ntchito anandiphunzitsa ndi iwowo.

Sinda, zaka za kusowa

Pondisamutsira ku Sinda n'kuti nditakwatiwa, iwe Misozi uli kumsana. Kumeneko zinthu zinkasowa mosinthana ngati zachita kupangana. Pepala likabwera inki yatha, inki ikabwera mafuta a njinga yamoto palibe, mafuta akapezeka woyendetsa wapita ku ukwati wa msuweni wake. Chaka china tinasindikiza chenjezo la mbozi za thonje kumbuyo kwa mapepala a nyimbo za kwaya amene abusa anatimvera nawo chisoni. Patapita masiku kunabwera mlimi wina, chipewa m'manja, kudzafunsa mwaulemu. Anati za mbozi wazimva, koma nyimboyo sakudziwa ngati aziimba asanapopere kapena atapopera. Ndinamuuza kuti aziimba nthawi zonse ziwiri, sizimuvulaza. Abwana a kumeneko sindiwatchula, chifukwa ndinkawaona kamodzikamodzi. Iwo ankakhulupirira kuti ofesi imayenda bwino mwini wake akakhala ku Chipata. Ndi ku Sinda komweko tinaika atate anu. Ndinalira kwambiri, ndipo ntchito ndiyo inandidzutsa pamphasa, popeza alimi sanasiye kufuna kudziwa tsiku la msika chifukwa choti Nabanda wafedwa.

Katete kachiwiri, chaka chimene Misozi anakwatiwa

Pobwerera ku Katete ndinali wamkulu wa zofalitsa nkhani, imvi zitayamba. Makina opukusa aja anali m'sitolo, nkhuku zikuikira mazira pamenepo. Zidziwitso tsopano tinkaika pa webusayiti ya bungwe. Alimi otsogolera ankaziwerenga pa foni n'kukauza anzawo m'midzi, ndipo wailesi ya m'dera inkatenga pomwepo zokaulutsa. Abwana anali a Daka, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala, wokonda misonkhano yokhala ndi zakumwa zozizira.

Chaka chimenecho iwe Misozi unakwatiwa ndi a Mwale, ndipo pasanathe miyezi yambiri a Mwale analembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta pa ofesi yathu yomweyo. Ndinene pano kuti ine sindinaikepo dzanja. Anapambana okha mayeso. Koma amene anawalembawo sanaganizire za mwambo. Ife kwathu ku Mkaika mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. A Mwale analeredwa chimodzimodzi, mwinanso kuposa ine. Tsono ofesi yathu inali ndi khonde limodzi lopapatiza, lopanda tchire. Akamva nsapato zanga, a Mwale ankalowa chitseko chilichonse chimene chayandikira. Tsiku lina analowa m'kabati ya matsache, tsiku lina m'chimbudzi cha amayi, ndipo anatulukamo akupepesa kwa anthu atatu osiyana. Tiyi ankamwera kuseri kwa galimoto. Pamsonkhano ankakhala choyang'ana pawindo, moti alendo ena ankayesa kuti ndi mlonda. Kompyuta yanga ikafa, ndinkapita kukaima panja padzuwa, iwo n'kulowa kukakonza, akamaliza n'kutsokomola kawiri. Tinakhala choncho zaka zingapo popanda chovuta, ndipo ndinkanyadira kuti mwana wanga anapeza munthu wodziwa ulemu.

Katete, chaka chimene a Kalaliki anafika

Kenaka kunabwera nzeru za makina zija zimene tsopano zili paliponse. A Daka anazimva ku msonkhano ku Lusaka ndipo anabwerako atatentheka. Anati tisamavutikenso kuika nkhani pa webusayiti ndi manja. Tidzingolemba mawu wamba, monga "sintha tsiku la msika wa ku Sinda", ndipo pulogalamu ya m'kompyuta idzachita yokha. Pa ofesi tinaitcha a Kalaliki. Ndikufotokozereni mmene ankagwirira ntchito, chifukwa mukapanda kumva apa nkhani yonse ikhala ya nkhalamba yovuta chabe. A Kalaliki analibe manja. A Mwale anawapangira zida: china choikira nkhani yatsopano, china chokonzera, china chochotsera, ndi zina zambiri. Pa chida chilichonse panali mawu ochepa ofotokoza ntchito yake. A Kalaliki akapatsidwa lamulo ankawerenga mawuwo, n'kusankha chida, n'kuchita. Sankadziwa china chilichonse kupatula zolembedwazo.

Mwambo wotsegulira, umene a Daka ankautcha lonchi, unali utakonzedwa Lachisanu la sabata yotsatira, alendo a ku Lusaka ataitanidwa kale, koma opereka thandizo anafuna kuti wina wamkulu pa ofesi ayese kaye mafotokozedwe a zidazo n'kusaina kuti ali bwino. A Daka anandiitana.

"Amai Banda, nkalani pansi," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Iyi nchito ni yaing'ono maningi. Muzawerenga chabe vamene analemba Mwale, mucheke masipelo, basi musaina. Manje mvelani: kontilakiti ya Mwale isila mwezi uno. Lonchi ikayenda bwino, nizamupasa ina. Ikalephera, ma bwana bazafuna mutu wa muntu."

"Nanga bwanji mwasankha ine?" ndinafunsa.

Anamwetulira mpaka tayi kugwedezeka. "Ni mpongozi uti angakane nchito ya mkamwini wake?"

Apa ndipo ndinaona kuti munthuyu, ngakhale ankadzionetsa wa m'tauni, mwambo ankaudziwa bwino pamene ukumuthandiza.

Ndinatenga mafotokozedwewo kukawerenga. Masipelo anali bwino onse, mizere yowongoka, chikomekome cha mkuyu. Pa chida china analemba kuti, "Chimakonza tsamba." Pa chinzake, "Chimasintha tsamba." Ndinakhala ndikuyang'ana mawu awiriwo mpaka tiyi kuzizira. Nditayesa pa webusayiti yoyeserera, ndinapeza kuti choyambacho chimakonza mzere umodzi, pamene chachiwiricho chimafufuta tsamba lonse n'kulembapo zatsopano. Pa chida chochotsera analemba kuti, "Chimachotsa tsamba," osanena kuti likachoka silibweranso. Zida zonse zinkafuna nambala ya tsamba, koma panalibe pamene ananena kumene nambalayo imapezeka, kapena choti achite a Kalaliki akapanda kuidziwa. A Mwale sanali waulesi. Zonsezi ankazidziwa ngati njira ya kwawo, ndipo munthu wodziwa njira amaiwala kuti pali mphambano.

Lachisanu la sabata yoyambayo, kutatsala sabata imodzi, a Daka anasonkhanitsa ofesi yonse kuti tiyeserere mwambowo. Anayatsa pulojekita, khoma lonse n'kuwala. "Amai Banda, apaseni oda a Kalaliki, bantu baone." Ndinataipa kuti akonze chidziwitso cha mbewu ya nshawa ya ku Vubwi, awonjezere mawu ofotokoza mtundu watsopano, ndipo mawuwo ndinawapatsa. A Kalaliki anayankha mwaulemu kuti achita. Nambala ya tsamba sankaidziwa, ndiye anangotenga yoyamba. Tsamba loyamba linali la mbiri ya a Daka. Chithunzi chawo chinatsala, tayi ndi kumwetulira komwe, koma masukulu onse amene anaphunzira ndi mayiko amene anayenda zinafufutika. Pansi pa nkhope yawo, m'zilembo zazikulu ngati dzanja, panalembedwa kuti: "Mtundu uwu umachedwa kukhwima, sulimba padzuwa, ndipo ukausunga nthawi yaitali umachita chuku."

M'chipindamo munagwa chifuwa. Wowerengera chuma anatuluka atagwira pakamwa, ndipo tinamumva akumalizira kuseri kwa thanki ya madzi. A Kalaliki anawonjezera kuti ntchito yatha bwino, kodi pali china. A Mwale anali choyang'ana pawindo mwa masiku onse, koma khosi lawo linali thukuta lokhalokha.

"Iyo ni testi chabe," anatero a Daka akuzimitsa pulojekita. "Pa lonchi izachita bwino. Amai Banda, nifuna siginecha Mande."

Sabata yomweyo, kunyumba

Lamulungu titaweruka kutchalitchi unabwera iwe Misozi, mwana kumsana, ndipo sunakhale pansi n'komwe.

"Amama, sainani chabe," unatero. "Atate ake a mwana sakudya. Akuti adzakonza pambuyo, alendo akapita."

"Pambuyo a Kalaliki adzakhala ali pa webusayiti yeniyeni," ndinayankha. "Dzana afufuta masukulu a a Daka, tinaseka. Mawa akafufuta kasakanizidwe ka mankhwala a thonje tidzaseka?"

"Ndiye mufuna achotsedwe ntchito? Tidzadya mafotokozedwe?"

Unanyamuka osatsanzika. Ndinakhala pakhonde mtima ukuwawa, chifukwa unkanena zoona ndipo inenso ndinkanena zoona. Ndinkaona ngolo za thonje zikunyamuka m'mamawa kumidzi, ng'ombe zikukoka tsiku lonse kupita kumsika umene kulibe, chifukwa choti makina anasankha chida cholakwika ndipo Nabanda anasaina. Ndinkaonanso iwe ukulongedza ziwiya kuchoka m'nyumba ya lendi. Kusaina sindikanatha. Koma panalinso vuto lina: zolakwikazo ndikanawauza bwanji a Mwale? Kutenga cholembera chofiira n'kukhwatcha ntchito ya mkamwini, n'kumupatsira m'manja, kwathu ndi chimodzimodzi kumutukwana pabwalo. Kudzera kwa a Daka kunali kumupereka kwa fisi. Mwambo uli ndi njira imodzi yokha yoti mpongozi adandaule za mkamwini, ndiyo ankhoswe. Ndinaimbira foni alongo anga a Lazaro, amalume ako, amene anali nkhoswe ya ukwati wanu, ndi kuwauza kuti pali nkhani yokhudza a Mwale, afike mawa. Netiweki ya ku Mkaika inaduka ndisanafotokoze zambiri.

Lolemba ndinapempha a Daka kuti siginecha idikire tsiku limodzi. Masana a Lazaro anafika kunyumba kwanga pa njinga atavala jekete la maliro. Sanabwere okha. Nkhoswe ikaitanidwa mwadzidzidzi imadziwa kuti banja lapsa, choncho anali atadzera kwa amalume awo a a Mwale, mkulu wina wamtali wogontha khutu limodzi, amene anafika atapanira nkhuku ya chipepeso m'khwapa asanamve n'komwe mlandu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala pamphasa choyang'ana kukhitchini, a Mwale pa kampando choyang'ana khola la nkhuku, ankhoswe awiri pakati, iwe Misozi chapatali utakwinya nkhope.

A Lazaro anatsegula ndi pemphero, kenaka ulaliki wa kupirira m'banja umene unatenga nthawi yokwana kuphika nyemba. Atatha anafunsa ngati a Mwale akweza dzanja pa mkazi. Ayi. Ngati ayamba mowa. Ayi. Ngati pali wina kumbali. Ayi.

"Tsono mlongo, watiitanira chiyani?"

"Auzeni a Mwale," ndinatero ndikuyang'ana mbale zapathandala, "kuti chida chosinthira tsamba sichikunena kuti chimafufuta zonse zimene zinalipo."

A Lazaro anavula chipewa, n'kuyang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. Koma nkhoswe ndi nkhoswe. Anatembenukira kwa mnzawo uja n'kubwereza mawu anga onse mokweza, ngakhale a Mwale anali pafupi nane kuposa iwo. Mkulu wogontha uja anatembenukira kwa mphwake n'kubwerezanso, atasiyako theka.

"Auzeninso kuti chida chochotsera sichikuchenjeza kuti tsamba likachoka lapita."

Apa mkulu uja anaimika dzanja. "Mwana wathu uyu chibadwire sanachotsepo kanthu ka munthu. Ngati pali chasowa, tifufuze bwino."

"Sakuchotsa ndi iwo, akuchotsa ndi a Kalaliki," ndinatero.

"Ndiye pali munthu wachitatu," anatero a Lazaro, nkhope ikuwala ngati afika pamene ankayembekezera. "Kalalikiyo ndi mwana wa yani? Kwawo n'kuti? Bwanji sanabwere kudzadziyankhira?"

Zinatenga nthawi kuti amvetse kuti a Kalaliki alibe kwawo, alibe amalume, ndipo sangalipitsidwe mbuzi. A Lazaro sanakhutire. Mpaka lero amakhulupirira kuti tinamubisa munthuyo chifukwa ndi m'bale wa abwana. Komabe anapitiriza kunyamula mawu anga limodzilimodzi, za nambala ya tsamba, za zida ziwiri zofanana maina, za kusowa kwa chitsanzo ngakhale chimodzi, ndipo pofika kumapeto anali akuwatchula mwaukali ngati awo. "Safunsa anadya phula," anatero potseka, "ndipo uyu Kalaliki wadya phula la abwana."

A Mwale anaweramitsa mutu. Kenaka analankhula motsitsa, akuyang'ana nkhuku. "Amalume, auzeni apongozi kuti ndamva, ndipo palibe chimene anama. Ndinkalemba ngati ndikudzikumbutsa ndekha. Koma muwafunse kuti Lachisanu ndichita bwanji. Kulembanso zonse ndi kuziyesa sikungathe masiku atsalawa."

"Auzeni kuti za Lachisanu azisiye kwa ine," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikachite.

Iwe Misozi unadzuka n'kupita osayang'ana m'mbuyo. Ankhoswe anagamula kuti nkhuku yobwera pa mlandu sibwerera, ndipo anaidya okha awiri.

Lachiwiri, mu ofesi ya a Daka

"Sindisaina," ndinatero nditangokhala pansi.

A Daka anavula magalasi. Analankhula za alendo a ku Lusaka, za tenti yobwereka, za zakumwa zimene zinali kale mu firiji. Analankhula za kukhulupirika. Ine ndinangoti mafotokozedwewo akalembedwanso ndidzasaina ndi manja awiri, koma panopa a Kalaliki ali ngati waganyu wotumidwa kumunda osamuonetsa malire.

"Oke," anatero potsiriza, mawu atazizira. "Lonchi taimika. Manje mu lipoti nizalemba kuti Mwale analephera nchito. Mwamudya mweka mkamwini wanu."

Ndinaganiza za iwe ndi mwana. Koma ndinali nditagwira ntchito ndi mabwana okwanira kudziwa kuti bwana safuna chilungamo kapena bodza, amafuna dzina loti alembe.

"Mukachotsa a Mwale adzalembenso ndani?" ndinafunsa. "Zidazo anapanga ndi iwo. Mudzaitana wina wa ku Lusaka, adzayamba pachiyambi, ndipo opereka thandizo adzafunsa chifukwa chake. Lembani kuti woyesa ndiye wachedwetsa. Lembani kuti ndi mayi wachikale, wovuta, wosamva za makina. Ofesi yonse ikuchitirani umboni mosangalala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona maganizo akuyenda kuseri kwa maso awo ngati mbewa m'denga.

"Muziba kuti nikalemba so, simungankale pano," anatero. "Ku Vubwi kuli malo yamene bantu bonse bakana."

Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti ndipume. Ku Katete ndinali ndi nyumba yanga, dimba langa la repu, kwaya yanga, ndi mdzukulu woyamba amene anali atangoyamba kundizindikira. Ku Vubwi ndinali ndisanagoneko. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni.

"Kontilakiti ya a Mwale isainidwe kaye, ndiione ndi maso," ndinatero. "Mukatero lembani za Vubwi."

Masabata otsatira

Mwambo wotsegulira unaimitsidwa, zakumwa zija a Daka anamwa okha pang'onopang'ono. Ine ndi a Mwale tinapatsidwa chipinda chimodzi kuti tikonze ntchitoyo. A Lazaro sakanasiya munda kudzakhala pakati pathu tsiku lililonse, choncho tinatembenuza madesiki, misana kuyang'anana. Ine ndinkalankhula ndi kabati ya mafailo, iwo ankalankhula ndi windo.

"Kabati iwe," ndinkatero, "kodi chida ichi chikalephera, a Kalaliki adziwa bwanji kuti chalephera?"

"Windo," ankayankha a Mwale, "uwauze kuti chimabweza nambala."

"Kabati, nambalayo ikutanthauza chiyani kwa munthu amene sanabadwire m'mutu mwa a Mwale?"

Kenaka ndinkamva makiyi a kompyuta akulira. Pa chida chilichonse analemba chimene chimachita, chimene sichichita, nthawi yochigwiritsa ntchito ndi nthawi yotenga chinzake, ndi chitsanzo cha nkhani yeniyeni ya thonje kapena nshawa. Zida ziwiri zofanana zija anazipatsa maina oti ngakhale a Lazaro sangazisokoneze. Pa chochotsera analemba kuti a Kalaliki asachikhudze munthu asanavomereze. Ine ndinkayesa ndi malamulo okhotakhota, olembedwa mmene amalembera munthu wotopa Lachisanu masana. Nthawi zina a Mwale ankapsa mtima, ndipo windo linkamva mawu amene mpongozi sayenera kumva, koma popeza ankauza windo, ine sindinamve kanthu. Wotipatsa tiyi anakauza anthu kumsika kuti ofesi ya alimi yapenga, akulu awiri akukangana ndi mipando.

Tsiku lina ndinabwereza lamulo lija la mbewu ya ku Vubwi, mawu omwewo, osatchula tsamba. A Kalaliki sanakhudze kanthu. Anayankha kuti apeza masamba awiri onena za nshawa ya ku Vubwi, kodi ndikunena liti. Ndinauza kabati kuti ibweretse pepala ndisaine.

Masabata onsewo iwe Misozi sunaponde pakhomo panga. Kutchalitchi unkakhala mbali ina. A Mwale, chifukwa cha manyazi, anali asanakuuze za Vubwi, ndipo ine sindikanadzitamanda ndekha kwa mwana wanga. Zinandiwawa kuposa kusamukako.

Vubwi, chaka chomaliza

Za ku Vubwi zili ndi nkhani zake: msewu umene unandigwedeza mpaka mano kusinthana malo, foni imene m'mawa inkandilandira ku Malawi, madzulo ku Mozambique, ine ndili pampando womwewo. Anthu a kumeneko anandisunga bwino, ndipo zidziwitso zawo zinkafika zolondola, zoikidwa ndi a Kalaliki. Koma chimene ndifuna musunge ndi m'mawa umene ndinanyamuka.

Lole ya bungwe inaima pakhomo panga dzuwa litangotuluka. Ndinali ndisanapemphe munthu, koma ndinapeza a Mwale akukweza kale matiresi, mbaula ndi matumba a chimanga, akuyenda chammbali ngati nkhanu kuti tisakumane maso. Iwe unali utaima pa mpanda ndi mwana, maso ofiira, ndipo ndinadziwa kuti wauzidwa. Katundu atatha ndinapita kuchitseko cha lole. Ndinamva iwe ukunena kuti, "Pitani, kodi mudikira windo?" Kenaka unawakankha pamsana ndi dzanja limodzi.

A Mwale anadzandira n'kudzaima patsogolo panga penipeni. Anagwada, n'kukweza mutu, n'kundiyang'ana m'maso.

"Amama," anatero, "zikomo. Mwatisungira nyumba."

Ine amene ndinayankha a Daka osaphethira ndinasowa pothawira. Ndinafuna kutembenukira ku tayala la lole kuti ndiliuze kuti palibe kanthu, koma sindinatembenuke. Ndinawayang'ana, koyamba chikwatirire mwana wanga. Anali ndi maso ofatsa, kachipsera pachibwano, ndi makutu aakulu otambalala ngati zivundikiro za mapoto. Ndinayang'ana mwana amene unabereka kumsana, n'kuyang'ananso a Mwale. Chibadwire mdzukulu wangayo ndinali ndikuuza anthu kuti makutu ake aakuluwo ndi a kuchimuna kwa malemu atate anu, ndipo ndinali nditakangana nazo ndi azakhali anu mpaka kusiya kupatsana moni.

"Dzukani, mwananga," ndinatero, misozi ikutsika ndikuseka. "Mukanandiyang'ana kale, bwenzi akufa asakunamiziridwa."